Chala Changa pa Chilumba cha Ziŵanda

Usiku wina sabata yatha ndinachedwa kugona, koma osati chifukwa cha mabuku ai. Mnzanga wa m'chipinda, amene amaŵerenga Chijapani pang'ono, anandionetsa pa kompyuta yake maseŵera akale otchedwa Shin Onigashima, amene Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1987 pa makina a Famicom Disk System. Sali ngati maseŵera othamangitsana aja. Pali kachithunzi, mau a nkhani, ndi mndandanda wa zochita: yang'ana, yankhula, tenga, pita. Iwe usankhe chimodzi, nkhani iyende.

Nkhaniyo anailuka kuchokera ku nthano zakwao, makamaka ya Momotaro ndi ya Kaguya-hime. Nkhalamba ziŵiri zopanda mwana zitola ana aŵiri, mtsikana Hikari m'nsungwi, mnyamata Donbe kumtsinje. Ziŵanda zanyanga, zimene iwo amati oni, zilanda mizimu ya nkhalambazo, ndipo anawo anyamuka kukaiombola, panjira napeza galu, pusi ndi mbalame yonga nkhwali.

Tsono chondisautsa ndi ichi. Pena ndinasankha molakwa, ulendo wa anawo nuthera pomwepo, ine nkugwidwa ndi manyazi ngati ndataya ana a eni. Manyazi a chiyani? Njira yotulukira analemba kale anthu ena ine ndisanabadwe. Ndikasankha china, makina amandibweza kufikira nditavomera. Ngati ufulu ndinalibe, mlandu ndikuutenga kuti?

Agogo akamatisimbira nthano ife tinkangoti "tili tonse." Kalulu akanyenga Fisi mlandu unali wa Kalulu, ife manja athu oyera. Komanso agogowo akaona kamwana kakulira ankaikhotetsa nthanoyo kuti wakufa adzuke. Womvera uja, wosagwira kanthu m'manja, ankasintha nkhani kuposa ine amene ndapatsidwa mabatani.

Komabe sindingathe kunena kuti manyazi anga ndi opanda pake. Mu 1945 kunatuluka kanema wa zojambula, Momotaro: Umi no Shinpei, amene anaitanitsa ndi unduna wa asilikali a pamadzi a Japan. Mmenemo Momotaro yemweyo atsogolera tinyama take kukalanda chilumba, ndipo ziŵanda zake ndi asilikali achizungu. Amene anajambula zimenezo akanatha kunena kuti nkhani inalembedwa kale, iwo anangotsata. Msilikali aliyense angatero. Ineyo mau otere sindiwavomera kwathunthu, pakuti ngakhale njira ikhale imodzi, phazi loipondalo lili ndi mwini wake. Mwina nkuyerekeza kopitirira muyeso, kuika nkhondo pambali pa kamaseŵera. Anzanga a mu Workshop andidzudzule Lachinai.

Ndinamfunsa mnzanga uja ngati pamndandandapo panali liu lakuti "kana." Anaŵerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, nati pamalo amene tinalipo panalibe, koma ngati ndatopa ndizimitse. Batani lozimitsira ndinaliona bwino lomwe. Ndinamuuza kuti amasulire mzere wotsatira, pakuti nkhalamba zija zinali zisanaomboledwe.