Chithunzithunzi cha Mumtima

Munthu aliyense akamayenda padzuwa amatsatidwa ndi chithunzithunzi chake. Akathamanga nacho chimathamanga, akaima nacho chimaima, ndipo palibe liwiro limene lingachisiye m'mbuyo. Akatswiri a maganizo a anthu adabwereka dzina la chinthu chimenechi pofuna kutchula mbali ina ya mtima, imene mwini wake safuna kuiona kapena kuivomera. M'menemo mumabisala kaduka, mkwiyo, mantha ndi dyera, komanso luso ndi zikhumbo zabwino zimene zidakwiriridwa chifukwa cha manyazi. Tsono funso loyenera kulisinkhasinkha ndi ili: kodi munthu wabwino ndi uti, amene amati mwa iye mulibe choipa, kapena amene amachidziwa choipa chakecho n'kumachilamulira?

Amene adatchukitsa ganizo la chithunzithunzi ndi Carl Gustav Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, yemwe adabadwa mu 1875 ndi kumwalira mu 1961. M'chaka cha 1900 iye adayamba ntchito pachipatala cha Burghölzli mumzinda wa Zurich. Kumeneko ankayesa anthu m'njira yooneka ngati masewera. Ankawatchulira mawu okwana 100, limodzilimodzi, ndipo woyesedwayo ankayenera kuyankha msanga ndi liwu loyamba kumubwerera m'mutu, uku dokotala akuwerenga nthawi pawotchi. Jung adaona kuti pa mawu ena munthu ankachedwa kuyankha, ankachita chibwibwi kapena kuseka popanda chifukwa. Mawu oterowo ankakhala atagunda pachilonda chimene mwini wake sankadziwa kuti ali nacho. Apa zidaonekeratu kuti munthu sadziwa zonse zimene zili mumtima mwake.

Chithunzithunzi chimayamba kukula paubwana. Mwana amafuna kukondedwa, motero amaphunzira msanga zimene zimakondweretsa makolo, aphunzitsi ndi anzake. Mnyamata akauzidwa kuti mwamuna salira amayamba kumeza misozi, ndipo mtsikana akauzidwa kuti kukwiya n'kupanda mwambo amayamba kumwetulira mtima ukuwira. Wina amasiya kuimba kwa moyo wake wonse chifukwa anzake adamuseka tsiku limodzi. Kulera mwana m'njira ya mwambo n'kofunika ndithu, pakuti anthu sangakhalire pamodzi aliyense atamachita zimene mtima wake wafuna. Vuto lake n'lakuti chimene chamezedwa sichifa. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mkwiyo umene wakanizidwa njira pamaso pa bwana kuntchito umakatulukira pa ana kunyumba, ndipo misozi imene idamezedwa pamaliro imakasanduka nkhanza kapena uchidakwa patapita zaka.

Kuti kukankhira pansi ganizo sikulichotsa kudatsimikizidwanso ndi katswiri wina wa ku America, Daniel Wegner, mu 1987. Iye adauza ophunzira kuti kwa mphindi 5 asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo aziliza belu nthawi iliyonse imene chinyamacho chabwera m'maganizo mwawo. Belu lidalira mobwerezabwereza. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti ataloledwa kuchiganizira, ophunzirawo adachiganizira kawirikawiri kuposa anzawo amene sadaletsedwe poyamba. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuti munthu alondere ganizo lina kuti lisalowe, ayenera kumalikumbukira, monga mlonda amene sangaiwale nkhope ya mbala imene akuidikirira.

Choopsa chachikulu cha chithunzithunzi n'chakuti munthu akachikana mwa iye mwini amayamba kuchiona mwa anzake. Nkhani ya Mfumu Davide m'Baibulo imaonetsa bwino zimenezi. Mfumuyi idatenga mkazi wa msilikali wake Uriya ndi kukonza zoti mwini mkaziyo aphedwe kunkhondo. Mneneri Natani adabwera ndi fanizo la munthu wolemera, mwini ziweto zambiri, amene adalanda kamwana kankhosa kamodzi kokha ka mmphawi n'kuphera mlendo wake. Davide adapsa mtima kwambiri nagamula kuti wolemerayo ngwoyenera kufa, osazindikira kuti akudziweruza yekha, mpaka mneneri adamuuza kuti munthuyo anali iye. Umbombo umene sadauone mwa iye adauona msanga mwa munthu wa m'fanizo. Zoterezi zimachitika tsiku ndi tsiku. Wamiseche ndiye amadandaula kwambiri kuti anthu amamujeda, ndipo wophunzira wakaduka ndiye amayamba kunena kuti amene wakhoza mayeso ngwonyada.

Matendawa sagwira munthu mmodzi yekha ayi, amathanso kugwira mtundu wathunthu. Ku Germany, pakati pa 1933 ndi 1945, boma la Adolf Hitler lidaphunzitsa anthu kuti mavuto onse a dzikolo adadza ndi Ayuda, ndipo Ayuda pafupifupi 6 miliyoni adaphedwa. Anthu amene ankadzitcha oyera ndi otukuka ndiwo adachita zauchinyama zimene ankanenera anzawo. Nkhondo itatha, Jung adalemba za mmene mtundu ungagonjere chithunzithunzi chake. Komabe mbiri ya iye mwini ili ndi banga. Mu 1933 adavomera kutsogolera bungwe la madokotala a maganizo limene mamembala ake ambiri anali Ajeremani, ndipo mu 1934 adalemba nkhani yosiyanitsa maganizo a Ayuda ndi a Ajeremani m'mawu amene anthu akhala akumudzudzula nawo kufikira lero. Ngati mphunzitsi wa chithunzithunzi adalephera kuona chake, ndani angadzitame kuti iye alibe?

Ena amatsutsa nati kufukula zoipa za mumtima n'kudzutsa njoka yogona. Amati munthu akavomera kuti ali ndi kaduka adzapeza podzikhululukira, ndipo azidzangoti ndi mmene adabadwira. Mantha amenewa ngomveka, koma amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana, kudziwa ndi kuchita. Mlimi amene akudziwa kuti ng'ombe yake imagunda amaimanga chingwe cholimba ndi kuchenjeza ana. Amene amakana kuti ng'ombe yake siigunda ndiye amavulazitsa anthu. Chimodzimodzinso wophunzira amene wavomera mumtima kuti akumva kaduka angathe kudzigwira pakamwa, mwinanso kusandutsa kadukako kukhala khama pamaphunziro, pakuti nthawi zambiri chimene munthu amachitira mnzake kaduka ndi chimene iye mwini amachilakalaka. Kudziletsa kwenikweni kumafuna kuti munthu adziwe chimene akuchiletsacho.

Nanga munthu angachione bwanji chinthu chimene chili kumbuyo kwake? Njira yoyamba ndiyo kuyang'anitsitsa mkwiyo wopitirira muyeso. Kachinthu kakang'ono kakamupsetsa mtima tsiku lonse, kapena akamadana ndi munthu amene sadamulakwire, ndi bwino adzifunse kuti, “Kodi chimene chikundinyansa mwa uyuyu mulibe mwa ine?” Njira yachiwiri ndiyo kulemba. Mu 1986 katswiri wina wa ku America, James Pennebaker, adapempha ophunzira kuti kwa masiku 4 otsatizana azilemba kwa mphindi 15 za zowawa zimene adakumana nazo ndi mmene zidawakhudzira. M'miyezi yotsatira ophunzirawo adapita kuchipatala kocheperako poyerekeza ndi anzawo amene ankalemba nkhani wamba. Chinthu chikapatsidwa dzina papepala chimachepa mphamvu. Njira yachitatu ndiyo kumvera anthu okhulupirika. Munthu saona msana wake, koma mnzake amauona. Anthu atatu osapangana akatchula khalidwe limodzi mwa munthu, n'chanzeru kuti iye adekhe asanayambe kudziteteza.

Ntchito imeneyi siitha tsiku limodzi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Siifunanso kudzida. Wodzida chifukwa cha zofooka zake amangozikankhiranso kumdima kumene zidachokera. Ndiponso pali zilonda zina zakuya, monga za munthu amene adachitiridwa nkhanza ali mwana, zimene n'zoopsa kuzitsegula pawekha. Pamenepo pamafunika dokotala, phungu kapena wamkulu wodalirika, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, yankho la funso lija laoneka. Munthu amene amati mwa iye mulibe choipa amakhala woweruza wankhanza, chifukwa zoipa zake zonse amazisenzetsa anzake. Koma amene wayang'ana mumtima mwake n'kupezamo kaduka, mantha ndi dyera amachedwa kuloza chala, amafulumira kupepesa, ndipo wolakwa amamudzudzula mwachifundo podziwa kuti onse adaumbidwa ndi dothi limodzi. Kawirikawiri amapezanso mumdima momwemo mphatso zimene adazitaya kalekale, monga kulimba mtima, nyimbo kapena misozi yoliritsa maliro a mnansi. Achinyamata amene akukonzekera kudzakhala makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri achite bwino kuyamba msanga kudzifunsa mafunso owawawa, chifukwa munthu akakwera paudindo asanadzidziwe, amene amalipira ndi anthu amene ali pansi pake.