Kodi Nyali Ingalowe M'malo mwa Dzuwa?

Mvula yoyamba ikagwa m'dera la Champhira, kumwera kwa Mzimba, ana oweta ng'ombe amakumana ndi fulu akudya msipu wanthete m'mphepete mwa tchire; ndipo alipo ena amene amamunyamula kumka naye kumudzi, namutsekera m'bokosi mkati mwa nyumba, poyesa kuti akamponyera masamba ndi kumuikira madzi m'phale, ndiye kuti mangawa awo onse atha.

Komatu Namalenga, amene malembo amatiuza kuti anaika dzuwa kuthambo asanaumbe nyama zokwawa, anamanga moyo wa fulu pa kuwala kwake. M'dzuwa muli cheza chosaoneka ndi maso, chimene ophunzira amachitcha UVB, ndipo chikafika pa khungu la fulu, thupi limapanga vitamini D3, amene popanda iye kashiamu wa m'zakudya salowa m'mafupa. Fulu womanidwa cheza ichi safuula ayi. Chigoba chake chimayamba kufewa ndi kupindika, miyendo nilephera kunyamula thupi, kufikira atafa mbale ya chakudya ili pambali. Ngakhale kumuika pazenera sikuthandiza, pakuti galasi limatchinga chezacho.

Ku maiko ozizira a ku Ulaya, kumene dzuwa limasowa miyezi yambiri, oweta afulu amagula nyali za UVB, ndipo ochenjera mwa iwo amasamala zinthu izi: kuti nyaliyo ikhale yopangidwira nyama zokwawa, osati ya UVC yophera tizilombo, imene imaononga maso ndi khungu, kuti ipachikidwe pamwamba, pa mtunda umene woipanga analamula, kuti fulu akhale ndi mthunzi wothawirako, ndi kuti nyali isinthidwe pakatha miyezi 6 kufikira 12, chifukwa imapitiriza kuyaka mphamvu yake itatha kale. Khama lotere sitingalinyoze, popeza wolanda cholengedwa dzuwa ayenera kubweza chimene angathe.

Koma funso lathu lagona apa: kodi ulamuliro umene munthu anapatsidwa pa zamoyo ndi ufumu kapena ukapitawo? Akuluakulu adati ukaona fulu ali pachitsa, dziwa kuti wina wamuikapo; chomwechonso fulu wam'bokosi sanadzitsekere yekha, ndipo mlandu wa chigoba chake uli pa dzanja lomwe linamutola. Kapitawo wokhulupirika sadzitama kuti wagula nyali yabwino, pamene akanatha kusiya chuma cha Mbuye wake pamalo pomwe chinali chosasowa kanthu. Ngakhale boma limagwirizana ndi mfundo yosiya nyama kutchire, pakuti lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, sililola munthu kusunga nyama yotetezedwa popanda chilolezo.

Tsono inu makolo a ku Champhira, ku Jenda ndi ku Embangweni, kumene dzuwa siligulidwa ndi ndalama, mwana akabwera ndi fulu m'manja, muuzeni mofatsa akamubwezere kutchire komwe anamupeza.