Ndangotumiza, wolemba sindine

Mu 1969 Michel Foucault, katswiri wa nzeru zakuya wa ku France, anafunsa kuti mlembi ndi ndani. Iye anati dzina la mlembi linayamba kufunika pamene zolemba zinayamba kulangitsa anthu: pankafunika woyankha mlandu.

Mwezi watha pa gulu la WhatsApp la mphakati wathu ku Kawale panafika uthenga wonena kuti mayi wina anadya ndalama za chipepeso. Wolemba sakudziwika. Aliyense akuti, "Ndangotumiza." Inenso, katekisiti wanu, ndinautumiza. Komatu abale anga, mayiwo anawerenga mawuwo pansi pa maina athu ndi manambala athu, ndipo kwa iwo olemba ndife. Lero akhala kumbuyo kwa tchalitchi, ngati abwera n'komwe.