Kali Kokha N'kanyama, Tili Tiwiri N'tianthu

Akuluakulu amene anasiya mwambi uwu ankalidziwa tchire. Ankaona kuti gwape woyenda yekha m'dambo amangodalira makutu ndi miyendo yake. Akawerama kuti adye msipu palibe womuyang'anira kumbuyo, ndipo kambuku kapena mlenje samuvutikira. Munthu nayenso akakhala yekha pamalo oopsa sasiyana ndi kanyama kotero. Akathyoka mwendo palibe wokamemeza anthu, akasochera palibe womuuza kuti njira taisiya kumanzere, akaganiza mopotoka palibe womubweza. Koma pakangopezeka mnzake mmodzi, ngakhale wofooka chotani, pamakhala kufunsana, kutsutsana ndi kudikirana. N'chifukwa chake mwambiwu amauza munthu wofuna kunyamuka usiku yekhayekha, wobisa matenda kapena ngongole kwa abale ake, kapenanso mkamwini amene sayenderana ndi anthu a m'mudzi umene akukhalamo.

Makolo a mabanja ambiri olankhula Chichewa ku Zimbabwe anauona mwambiwu ndi mapazi awo. Asanabwere mabasi odutsa pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, amuna a ku Nyasaland ankapita ku Halale wapansi, ulendo wa milungu ingapo, kukafuna ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Palibe ankayerekeza kunyamuka yekha. Ankadikirana mpaka gulu likwane, chifukwa m'njira munali mikango, achifwamba ndi Zambezi woti awoloke. Usiku ankasinthana kusonkheza moto. Atafika, anayambitsa mabungwe othandizana pa maliro kuti munthu wofera kutali ndi kwawo aikidwe m'manda ngati munthu. Adzukulu awo ndi amene lero mungawapeze ku St Mary's, ku Zengeza ndi ku Seke, madera atatu amene anaphatikizidwa mu 1978 kupanga Chitungwiza.

Tauni imeneyi inamangidwa kuti ikhale kogona kwa anthu ogwira ntchito ku Harare, ndipo khalidwe limeneli silinathe ngakhale kuti kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 370,000. Bambo amadzuka kusanache kukalimbirana kombi ya pa Seke Road, amabwerako kutada. Mayi ali pamsika. Ana amakula akuwaona makolo awo ali otopa basi. Sukulu zikatsekera kumayambiriro kwa Disembala, pa Chitungwiza Town Centre pamadzaza anthu ogula za Khirisimasi, ndipo ambiri amakhala akukonzekera kupita kumudzi, kaya ku Murehwa, ku Buhera kapena ku Masvingo. Kwa mabanja ochokera ku Malawi kumudzi n'kutali, ulendo wake umafuna mapasipoti ndi ndalama zambiri, ndipo ena achibale a kumeneko anasiyana nawo kalekale. Tchuthi chonse mpaka Januwale chimathera pakhomo, aliyense ali m'zake.

Ine ndimati banja lotere lipite kuphiri, ngakhale tsiku limodzi lokha, ndipo sikuti pafunika chuma. Domboshava ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Harare: kombi imodzi yolowera m'tauni, ina yotulukira. Ndi thanthwe lalikulu loyezuka, lotsetsereka pang'onopang'ono moti ngakhale mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amakwera, ndipo m'phanga lake muli zithunzi zimene anthu akale anajambula pamwala, zonga za ku Chongoni m'boma la Dedza. Mukapitirira pang'ono kuli phiri la Ngomakurira, lalitali ndi lovutirapo. Ofuna pafupi kwambiri ali ndi miyala yosanjikizana ya Chiremba ku Epworth, yomwe ija ya pa ndalama zamapepala za dzikolo.

Koma kufika paphiri pamodzi sikutanthauza kuti mukwera pamodzi. Taonani mmene zimakhalira. Mukangodutsa pachipata, mnyamata wamkulu wa Fomu 3 wauyatsa kale, akufuna akaimirire pamwamba ajambule chithunzi anzake asanadzuke. Bambo akumutsatira kuti asaoneke okalamba. Kumbuyo kwatsala mayi, chikwama cha madzi ndi buledi chili kumsana, dzanja lina lagwira kamtsikana kamene nsapato zake zayamba kukaluma. Pakapita mphindi makumi awiri banja la anthu asanu lamwazikana pathanthwe lonse, aliyense akupuma wefuwefu payekha. Madzi ali ndi amene ali kumbuyo, ludzu lili ndi amene ali kutsogolo. Kamtsikana kakaterereka pa ndere zonyowa n'kusupuka bondo, mayi amakuwa, "Bambo a Chisomo, taimani!" koma mphepo imatenga mawuwo n'kupita nawo kwina.

Anthu ozolowera mapiri amachita mosiyana. Woyenda pang'onopang'ono ndiye amamuika patsogolo, wamphamvu amatsalira kumbuyo kuti aone aliyense wopunthwa. Katundu amagawana, madzi aliyense ake. Popuma, sanyamuka pamene womaliza wangofika kumene, chifukwa kutero n'kumulanda mpumulo amene akuufunitsitsa kuposa onse. Zimenezi zimamuwawa mnyamata wothamanga uja, ndipo ndikumvetsa, magazi ake ndi otentha. Komabe palibe malo ena pamene angaphunzire msanga chotere kuti mphamvu zake anapatsidwa kuti zithandizenso mlongo wake. Mukamuuza kuti, "Achimwene, inu ndi amene mutseke kumbuyo, mwanayu ali m'manja mwanu," mumaona nkhope ikusintha. Wapatsidwa udindo, ndipo udindowo umamukoma kuposa chithunzi chija.

Njinga zimabalalitsa anthu msanga kuposa miyendo. Mabanja ena a ku Chitungwiza amakonda kupalasa kulowera m'midzi ya Seke, chakumsewu wa ku Dema, kumene tinjira tafumbi timazungulira matanthwe ndi minda ya chimanga. Ndi ulendo wokoma, makamaka m'mawa mvula itagwa usiku, fumbi litagona. Koma pamtsetse umodzi wokha wamphamvu amakhala atasowa kale pakona, ndipo wotsalira tcheni ikagwa kapena minga ikabaya tayala, amapezeka ali yekha pakati pa anthu osamudziwa, pampu ndi zomatira chubu zili m'thumba la amene wapita. Lamulo lake ndi losavuta: pa mphambano iliyonse wotsogola aime mpaka aone nkhope ya womaliza. Mabuleki ayesedwe musanachoke pakhomo, ndipo ana asapalase okha pamsewu waukulu, pamene makombi amakhotera pambali mwadzidzidzi kuti atole anthu.

Zonsezi tinganene kuti ndi bondo losupuka ndi tayala lophwa, zinthu zopola. Pa mapiri akuluakulu mwambiwu umanena za moyo weniweniwo.

Nyangani, phiri lalitali kuposa onse m'Zimbabwe, lili m'paki ya Nyanga, kudzera ku Marondera ndi Rusape. Ndi lalitali mamita 2,592, koma kukwera kwake si kovuta kwenikweni. Munthu wathanzi amafika pamwamba m'maola ochepa, ndipo kuphweka kumeneko ndi kumene kumanyenga. Nkhungu imatha kutsika mosayembekezereka, kunja kumene kunali ngwee n'kungoti mbuu, munthu osaonanso mnzake amene ali pa mapazi khumi. Pamwamba pake ndi potakasuka, pali madambo ndi timitsinje tofanana, ndipo mbali ina kuli maphompho. Mu Januwale 2014, bambo wina wachinyamata anakwera phirili ndi mkazi wake ndi anzawo awiri. Ali pakati enawo anatopa, iye anapitiriza yekha kuti akafike pamwamba. Asilikali, apolisi ndi anthu odzipereka anamufunafuna masiku ambiri, ngakhale ndi ndege, koma sanapezeke. Sindikunena izi pomuweruza. Maganizo amene anali nawo ndi amene amatifikira tonse tikaona nsonga ili pafupi: ndingothamangirako, ndikupezani pompano.

Kwathu ku Mulanje nkhani ndi yomweyo. Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, inameza mtsikana wa ku Netherlands amene anakwera yekha mu 2003, ndipo mpaka lero sanaoneke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiyana ndi womulondolera njira n'kupitirira yekha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita milungu. Anthu okhala m'tsinde mwa mapiri awiriwa amati kumeneko kuli mizimu, kuli miyambo yoyenera kusunga, mawu osayenera kulankhula ndi zinthu zosayenera kutola. Ena amati ndi nyengo chabe, kuzizira ndi nkhungu. Sindiona chifukwa chokanganira, pakuti onsewo malangizo awo amathera pamodzi: usapite wekha, ndipo umvere eni dera. Anyamata olondolera alendo pa Likhubula, kapena oyang'anira paki ku Nyanga amene amafuna kuti mulembetse musanakwere, sakufuna kukudyerani ndalama. Iwo ndiwo munthu wachiwiri amene mwambiwu ukunena, amene amadziwa kuti mtambo wakutiwakuti ukaonekera mbali yakutiyakuti ndiye kuti nthawi yotsika yakwana.

Wina anganditsutse kuti kuchuluka sikuletsa ngozi, ndipo akunena zoona. Mphezi ya mu Disembala sisankha kuti awa ali asanu, ndipo pathanthwe loyera ngati la Domboshava, pamene munthu woimirira ndiye chinthu chachitali kuposa zonse, banja lonse likhoza kuonongekera limodzi. Palinso magulu amene amakankhizana ku tsoka, makamaka anyamata okhaokha, aliyense akuopa kuoneka wamantha. Awiri amene palibe akumvera mnzake sanafike pokhala tianthu. Phindu la mnzako ndi pakamwa pake, kuti anene kuti watopa, kuti akuopa, kuti njira iyi sakuikhulupirira, ndipo iwe umve. M'mabanja athu ambiri mawu otere amachokera kwa mayi kapena kwa mwana wamng'ono, anthu amene bambo sanazolowere kuwafunsa maganizo pa ulendo. Pamenepa ndi pamene ndimaona kuti mwambiwu ukulasa ife amuna kuposa ena onse. Ndi kangati bambo amayankha kuti, "Musadandaule, ine ndikudziwa," pamene phirilo akuliponda koyamba? Safunsa anadya phula.

Ndiponso gulu silithera pa amene akwera okha. Agogo otsala pakhomo ku Zengeza, kapena mnansi wa kuseri kwa mpanda, ayenera kudziwa phiri limene mwapita ndi nthawi imene mubwereko. Foni isakunamizeni kuti muli ndi anthu, chifukwa m'zigwa zambiri netiweki imasowa ndipo batire limatha nthawi yomwe mukulifuna. Munthu amene akudziwa kuti pofika 6 koloko madzulo mumayenera kukhala mutafika ndiye amayamba kufunsa dzuwa likalowa.

Chovuta kuposa zonse ndi kubwerera musanafike. Mwalipira makombi awiri, mwalipira pachipata, mwakwera maola awiri, nsonga ikuoneka apo. Kumadzulo kwayamba kuda, kamphepo kozizira kafika, ndipo kamtsikana kakhala pansi kakuti miyendo yakana. Mnyamata amachonderera: "Ababa, patsala pang'ono. Ingondilolani ndikafike ndekha, inu mundidikire pano." Pempho limeneli limamveka lanzeru, ndipo bambo amene amakonda mwana wake amafuna kuvomera, pakuti akuona mmene mnyamatayo walimbikira. Apa ndi pamene bambo ayenera kulimba mtima n'kunena kuti, "Iyayi mwanawe, tinabwera tonse, titsika tonse. Tenga chikwama cha amayi ako, ine ndibereka mlongo wakoyu." Mnyamata adzakwiya njira yonse yotsika, mwina mpaka mu kombi, ndipo palibe chifukwa chomunyengerera kuti aseke. Sukulu zidzatsekeranso mu Epulo, mvula itachepa ndi thanthwe litauma, kenaka mu Ogasiti, pamene mabingu kulibe. Bambo alonjeze pomwepo mwezi wobwereranso, ndipo mweziwo ukakwana asadikire kukumbutsidwa.