Kodi Wapolisi Abwererenji ku Sukulu?

Taganizani za wapolisi amene watha zaka zambiri pa nchito. Banja ali nalo, udindo ali nao. Koma usiku ana atagona, iye ali pa tebulo ndi mabuku. Wasowa ciani?

Maphunziro otere alikodi. Ku England, yunivesite ya Cambridge imaphunzitsa digiri yaciwiri kwa apolisi amene ali kale pa nchito. Imatenga zaka 2. Ophunzira amapita kumeneko masabata ocepa pa caka, kenaka nkubwerera ku nchito kukayesa zimene amva.

Funso lalikulu m'maphunziro awa ndi ili: kodi zimene timacita tsiku ndi tsiku zimathandizadi? Mu 1972 ndi 1973, apolisi a ku Kansas City ku America anagawa madera 15 m'magulu atatu. Kwina anaonjeza magalimoto oyendera misewu, kwina anasiya monga kale, kwina anawacotsa, nkumapita pokhapokha ataitanidwa. Pomaliza anapeza kuti umbanda sunasiyane kwenikweni. Cizolowezi cimene anacikhulupirira zaka zambiri cinapezeka coperewera.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu waudindo kuvomera kuti mwina analakwitsa, si cinthu capafupi. Ine ndikuti amene anyamula mfuti ndi unyolo m'dzina la boma ali ndi ngongole kwa ife: ayenera kuphunzirabe. Inu mukalakwa mayeso, muvutika nokha. Wapolisi akalakwa, wosacimwa agona m'selo. Paja safunsa anadya phula.

Wina adzati, "Nanga digiri iletsa ciphuphu?" Iai, siiletsa. Wophunzira wa mtima woipa amangodziwa bwino kubisa. Pa Luka 3:14, asilikali atafunsa Yohane Mbatizi zoyenera kucita, sanawauze kusiya nchito yao. Anawaletsa kulanda ndi kunamizira anthu, nawauza kukhutira ndi malipiro. Zimenezi sizilembedwa pa setifiketi. Komanso mtima wabwino wopanda nzeru ungathe kupweteka anthu mosadziwa. Ziwirizi ziyendere pamodzi.

Mwina inu mulakalaka kukalowa ku Lilayi kuphunzira upolisi, mwina unamwino kapena uphunzitsi. Tsiku lina mudzafuna kuonjeza maphunziro muli pa nchito. Mudzataya tulo, ndalama ndi nthawi ya banja. Musanalembetse, gwadani ndi kudzifunsa: kodi ndifuna kuti anthu azindiopa, kapena kuti mai wamasiye wobwera kudzadandaula athandizidwe bwino koposa dzulo?