Kodi Kukometsa Cobvala Nkuononga Ulusi?

Mwa malukidwe onse amene amai a m'mipingo aphunzira ndi kasingano ka ngowe, alipo amodzi amene autsa mlandu m'nyumba zambiri: ndiwo a timfundo totukuka. Woluka aluka kasanu m'diso limodzi osatsiriza, ndipo pomariza akoka ulusi kamodzi kupyoza zonse pamodzi. Popeza zisanu zapanikizana pamalo pa cimodzi, zitumphuka ngati mbuliuli. Cobvala cotere cikongola ndithu, koma cidya ulusi wambiri koposa coluka wamba, cidyanso masiku.

Tsono bambo amene anagulitsa nshawa zace kuti agule ulusi wa ubweya aona mpukutu watha, cobvala ca mwana cisanafike m'mapewa, ndipo afunsa ngati timfundo timeneti nticakudya. Funso lace liri ndi nzeru, ndipo mkazi asalipeputse. Ndalama ya m'mudzi ibwera kamodzi pa caka, ndipo mcere, sopo ndi za kusukulu zonse ziiyembekeza.

Koma mau akuti cokongola ciri conse ncoononga sagwirizana ndi Malembo. M'buku la Eksodo, mutu 28, Mose analamulidwa kuti m'mphepete mwa mwinjiro wa Aroni apangemo makangaza a ulusi wa mawanga-mawanga. Makangazawo sanafunditse munthu, ngakhale kulimbitsa nsaru. Komabe analamulidwa, ndipo anapangidwa m'cipululu, kumene anthu analibe munda. Pa Yohane 12 amene anawerengera mtengo wa mafuta onunkhira a Mariya, nati akadagulitsidwa ndalama 300, ndiye Yudase. Ndipo Ambuye anaima ndi mkaziyo. Wosauka naye ali ndi maso. Mwana wa mkazi wamasiye sanalengedwe kuti azibvala zosakongola zokha-zokha, ngati kuti umphawi ndi cilango coyenera kuonekera pathupi.

Ndiponso timfundoti sitiri tacabe monga bambo aganizira. Nsaru yotukuka ikhala yocindikala, nisunga mpweya wofunda pakati pace. M'mamawa a June ndi July, pamene cisanu cigwa m'madambo, khanda lobvala cotere silinjenjemera msanga. Ku Ireland, pa njala yaikuru imene inayamba m'caka ca 1845 mbatata zitaola m'minda, akazi ambiri anaphunzitsidwa kuluka maluwa otukuka a thonje loyera ndi kasingano komweka; olemera anagula, ndipo mabanja anapezapo cakudya.

Ciri cina cimene woluka ali yense acidziwa. Kawiri-kawiri timfundo tilukidwa pamene kumbuyo kwa nsaru kwayang'ana woluka, ndipo titukukira mbali ija imene iye saiona. Maso ace apenya kosalala ndi kosakondweretsa. Kokongola kuli kwa wina. Apa mpamene mlandu uyenera kuweruzidwa, pakuti funso lenileni siliri pa kucuruka kwa ulusi ai, koma pa yemwe acitiridwa nchitoyo ndi yemwe alipira. Dorika wa ku Yopa, pa Macitidwe 9, anadziwika ndi zobvala zimene akazi amasiye anaonetsa Petro akulira. Zinali m'manja mwa ena, osati m'bokosi mwace.

Mai amene alipira timfundo ndi nthawi yace ya madzulo, atatha kusinja ndi kuphika, kuti mdzukulu afunde ndi kukondwa, sanabere munthu. Koma alipo wina amene atenga ngongole kusitolo mwamuna osadziwa, kuti pa Sabata mpingo wonse uceukire mwana wace ndi kusiya wa mnansi. Kapena aluka nsaru yacitatu ya pagome, mwana wamkulu alikugona wopanda copfunda. Malukidwe ngamodzi-modzi, kasingano nkomweko, koma amene alipira ndi mwana uja wogona pamphepo. Oterewa amai anzace a Cigwirizano ayenera kumuuza, mofatsa ndi paseri.

Kwa bambo wodandaula uja kwatsala cotonthoza cimodzi. Coluka ndi ngowe cigwidwa ndi diso limodzi lokha lotsiriza. Mwana akakula, mai amasula mfundo ya kumapeto nakoka. Mizere yonse iphwasuka, timfundo pamodzi, ndipo ulusi ukulungidwanso mpukutu. Ukacapidwa ndi kuyanikidwa pamthunzi uongoka, nukwanira cisoti ndi timasokosi ta mng'ono wace.