Kodi Bandi ndi ya Ndani?

Oimba akatsika pa nsanja, anthu atabalalika, pamatsala ntchito imodzi yomwe oonerera saiona: kuwerenga ndi kugawana ndalama za pakhomo. Ntchitoyi imachitikira m'kachipinda, nthawi zina m'minibasi momwe, ndipo magulu ambiri a zoimbaimba ndi a zisudzo m'dziko muno afera pomwepo. Funso lomwe ndikufuna tilingalire limaoneka ngati la zamalonda, koma kwenikweni ndi la chilungamo. Kodi bandi ndi ya ndani? Ya amene anagula zida, kapena ya amene amaziimba?

Tiyambe taona mmene ndalamayo imayendera. Gulu likamachokera ku Blantyre kudzaimba kuno ku Mwanza, limayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kudzera pa Zalewa. Mwini galimoto amafuna zake, kaya anthu abwera kaya sanabwere. Mwini holo nayenso chimodzimodzi. Pali olondera pakhomo, pali zolengeza pa wailesi, pali mafuta a jenereta poti magetsi sadalirika. Onsewa amalipidwa poyamba. Woimba ng'oma, amene wakhetsa thukuta usiku wonse, ndiye amakhala kumapeto kwa mzere, ndipo amalandira zotsala. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama nyimbo zikamaseweredwa pa wailesi ndi m'malo azisangalalo, koma ndalama za pakhomo zilibe mlonda wina kupatula chikumbumtima cha amene wagwira thumba.

Mwini zida ali ndi mfundo zake, ndipo sizopepuka. Ndi iye amene anakongola ndalama kuti agule magitala ndi masipika. Mvula ikagwa anthu osabwera, ngongole ya holo imatsata iyeyo, pamene anyamata ake akugona tulo tabwino. Sipika ikapsa, palibe amene amasonkha. Walira mvula walira matope, ndipo amene wavomera kuponda matopewo sitingamuletse kutapa mochulukirapo pa zokolola. Mpaka apa ndikugwirizana naye.

Komabe zida sizilira zokha. Palibe munthu amene analipirapo pakhomo kuti akaone masipika. Chimene anthu amatsata ndi luso lomwe lili m'zala ndi pammero pa anthu ena, ndipo lusolo nalonso ndi mpamba, poti linatenga zaka kuti lipse. Kusiyana kwake n'kwakuti mpamba wa mwini zida uli ndi lisiti, pamene wa woimba ulibe.

Ine ndimagwira ntchito m'boma, komwe kwacha iliyonse isanatuluke pamafunika siginecha ya anthu angapo. Chifukwa cha ichi, makwaya ndi timagulu ta zisudzo ta achinyamata timandipempha kawirikawiri kuti ndiwathandize kuwerengera pakakhala chionetsero. Chimene ndaona n'chakuti munthu amalandira zochepa ndi mtima woyera ngati anaona yekha mmene zawerengedwera. Koma ngakhale mum'patse zambiri, ngati munawerengera chitseko chili chotseka, amapita kwawo akudziwerengera yekha mitu ya anthu omwe anali m'holo. Kuchepa kwa ndalama kumapirireka. Chimene chimapha gulu ndi chinsinsi.

Vutoli si lathu lokha. Mu 1882, ku Berlin m'dziko la Germany, oimba oposa 50 anachoka m'gulu la mkulu wina dzina lake Benjamin Bilse atakhumudwa ndi malipiro komanso kasamalidwe kake. Anayambitsa gulu lawolawo, lomwe lero ndi Berlin Philharmonic, limodzi mwa magulu otchuka kwambiri pa dziko lapansi. Mpaka pano oimba a gululi ndiwo amavota posankha wowatsogolera pa maimbidwe. Sanathetse utsogoleri, koma anakana kukhala alendo m'nyumba yomwe amaimanga ndi manja awo.

Kwathu kuno, mbiri ya magulu imatiphunzitsa zofanana. Alleluya Band inayambira ku Balaka mu 1978, ndipo ngakhale Paul Banda ndi Lucius Banda anadzachoka, gululo silinathe, chifukwa linatsamira pa mpingo, osati pa munthu mmodzi. Evison Matafale atamwalira mu 2001, ambiri anaganiza kuti Black Missionaries yathera pomwepo, koma abale ndi anzake a ku Chileka anaona gululo ngati lawo ndipo anapitiriza. Kwathu Drama Group inataya John Nyanga mu 2016 ndi Eric Mabedi mu 2021, koma zisudzo sizinaleke. Kumbali ina, Du Chisiza Jnr atamwalira mu 1999, Wakhumbata Ensemble Theatre yomwe anaiyambitsa mu 1987 sinabwererenso pa msinkhu wake wakale. Ili si vuto la malemuyo, koma ndi chenjezo: gulu likakhala m'mutu mwa munthu mmodzi, ngakhale akhale katswiri chotani, limavutika kuima iye akachoka. Mutu umodzi susenza denga.

Wina anganene kuti luso siliyendera komiti, ndipo akunena zoona. Nyimbo yovotera imatuluka yozizira ngati phala la dzulo. Koma apa tikusakaniza zinthu ziwiri. Mtsogoleri alamule nyimbo, asankhe sewero, adzudzule wochedwa pokonzekera. Buku la ndalama lokha ndilo likhale la onse. Pakhale msungichuma amene si mkazi kapena mlamu wa mtsogoleri, matikiti akhale ndi manambala, ndipo gawo la aliyense ligwirizanidwe galimoto isananyamuke.

Pali mwini wake wachitatu amene timamuiwala pogawana, ndiye mawa. Mlimi wa manachesi kuno ku Mwanza amadziwa kuti akadya ndalama yonse ya nyengo ino osasamalira mitengo, zipatso zimanka zichepa. Timagulu tambiri ta zisudzo m'maboma ngati lathu lino tinabadwa chifukwa cha mabungwe ofalitsa uthenga wa Edzi, ndipo pulojekiti itatha tinatha nayo limodzi, poti tonse tinkagawana mpaka tambala yomaliza. Gawo laling'ono losungidwa kubanki m'dzina la gulu ndilo limagula zingwe za gitala, kulipira dokotala mnzathu akadwala, ndi kuphunzitsa mwana amene adzalowe m'malo mwathu.

Tsono bandi ndi ya ndani? Zida ndi za amene anazigula, ndipo alandire lendi yake poyera. Koma gulu lenilenilo ndi la onse amene dzina lake limawadyetsa ndiponso amalidyetsa. Mtsogoleri amene amaopa kutsegula buku pamaso pa anzake adzifunse chimene akuopa.